Kuphunziranso kuyenda pamchenga wa ku Nkope

Senderani kuno pafupi, ana anga ndi inu amayi anzanga, pakuti mawu anga masiku ano safika patali. Lilime linatsalira m'mbuyo pang'ono, ndiye mukakhala uko mumva theka. Ine ndine Abiti Saidi wa ku Nkope, ndipo zimene ndikuuzeni pano si nthano ayi. Zinandigwera ine mwini, pakhomo panga, zaka zochepa zapitazi.

Zinayamba ndi mutu. Unkandiwawa kunkhongo kuno, makamaka m'mawa, ndipo nthawi zina m'maso munkachita chidima ngati munthu wadzuka mofulumira. Ndinkati ndi mabeseni a usipa, chifukwa ntchito yanga inali yogula usipa kwa asodzi, kuuyanika pa thandala, n'kumagulitsa kwa anthu ochokera kumtunda. Ndinkagula timapiritsi pa okala n'kumeza, mutu n'kuleka, mawa lake n'kuyambiranso. Zoti kuli matenda a BP ndinkamva, koma ndinkayesa ndi a anthu onenepa a m'maofesi. Ine wowonda ngati bango, BP ikanakhala pati?

Tsiku lake linali m'mwezi wa Meyi, mwera utangoyamba kuwomba. Ndinali pa thandala m'mawa ndikumwaza usipa, ndipo ndinaona dzanja lamanja likungokwekwereza nsomba osazimwaza. Ndinaligwedeza poyesa dzanzi. Ndinati ndiitane mnzanga wa thandala loyandikana, koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga sichinali chilankhulo cha munthu. Kenako mwendo wakumanja unafewa ngati chingwe chonyowa, ndipo ndinakhala pansi mosafuna. Sindinakomoke. Zonse ndinkaona, zonse ndinkamva, koma thupi linali litagawika pakati, theka langa, theka ngati la munthu wina.

Amayi anzanga anandinyamula pa chitenje mpaka kunyumba. Amuna anga, Che Mussa, anali pamthunzi akusoka ukonde wa anthu, ntchito yawo chisiyireni kulowa m'nyanja. Atangoona pakamwa panga patapotoka, anaponya pansi zosokera n'kutuma munthu kumsewu kuti akapeze galimoto, tipite kuchipatala pompo. Koma abale anga achikazi anawaletsa. Inu a kuno mukudziwa, koma ndinene chifukwa cha ena. Kwathu mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo ngakhale atamera imvi pamudzipo amakhalabe mkamwini. Che Mussa kwawo ndi kutsidya, kufupi ndi Malindi. Anabwera ku Nkope ali mnyamata, anandimangira nyumba, tinabereka ana, ena tinaika m'manda limodzi, koma pa matenda aakulu mawu omaliza sanali awo. Anali a mlongo wanga Che Bwanali, mwini mbumba, ndipo iye nthawi imeneyo anali kuntchito ku Joni.

Anamuimbira foni. Che Bwanali anati matenda ogwetsa munthu masanasana si matenda wamba, pali dzanja la wina, ndipo wodwala wotere akabayidwa jakisoni sadzukanso. Anati asandisunthe kufikira iye atabwera kumapeto kwa mwezi. Sananene zimenezi mwankhanza. Ndi munthu amene ndinamubereka kumbuyo ali khanda, ankandikonda, ndipo ankaopa kuti ndingafere m'manja mwa alendo iye kulibe. Che Mussa anayesa kulankhulapo pa foniyo, koma anangouzidwa kuti, "Alamu, dekhani, ndikubwera." Galimoto ija inabwezedwa. Ine sindinkatha kulankhula ndipo palibe anandifunsa, koma akanandifunsa, nanenso ndikanati tidikire achimwene. Tinakulira momwemo.

A shehe anabwera kudzandichitira duwa, ndipo potuluka anauza anthu kuti pemphero lachitika, tsopano atengereni kuchipatala, pakuti Mulungu anaika mankhwala kumenekonso. Onse anavomera ndi mitu, koma palibe anasuntha. Mwezi unatha. Che Bwanali abwana ake anakana kumumasula, kenako ulendo unamuvuta. Juni anadutsa, Julayi anadutsa, ine ndili gone pamphasa.

Musaganize kuti ankandizunza. Ndinasamalidwa kuposa mmene ndinasamalidwirapo chibadwire. Mwana wanga Asiyatu anasiya banja lake ku boma n'kubwera kudzandidwazika. Ankandidyetsa, ankandisambitsa, ndikati nditambasule dzanja labwinoli kufuna kapu, wina anali atandimwetsa kale. Ndikayesa kudzuka, onse ankandibweza kuti gonani anganga, mudzipweteka. Munthu wamkulu salekereredwa kuvutika anthu akuona, ndi ulemu wathu umenewo. Mawu anayamba kubwera pang'onopang'ono, koma mkono unapindikira pachifuwa, zala n'kufumbata ngati ndabisa kanthu, phazi n'kuloza pansi. M'chiuno munatuluka chilonda chifukwa chogonera mbali imodzi.

Che Bwanali anafika mu Ogasiti. Analowa m'nyumba chikwama chili m'manja, ndipo fungo la chilonda linamulonjera ine ndisanamulonjere. M'mawa mwake anakapeza yekha galimoto.

Kuchipatala cha pa boma anandiyeza n'kupeza BP ili pamwamba kwambiri. Dokotala anati ndi sitiroko, mtsempha wa m'mutu unatsekeka, mbali ina ya ubongo n'kusowa magazi. Anafunsa kuti zinachitika liti. Asiyatu atayankha kuti mu Meyi, dokotalayo anaika cholembera pansi n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Sanakalipe. Anangoti, "Mwendo tiyesa. Dzanjali mwachedwa nalo." Jakisoni anandibaya tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake ndinadzuka bwinobwino. Ndinakhala m'wodi mpaka chilonda chinapola, anamwino akuchitsuka m'mawa uliwonse ndi kunditembenuza. Ponditulutsa anati ku Blantyre kuli malo kumene amaphunzitsa anthu kuyendanso, koma mabedi ndi ochepa, tidikire foni.

Kudikirako ndinakadikirira kwa Asiyatu, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, chimbudzi chili kuseri, chogwiritsa ntchito mabanja angapo. Mwamuna wake, Che Jafali, ali ndi kagolosale kumsika. Ine ndi mkamwini wangayu tinali tisanadyerepo pamodzi, ndipo tikakumana panjira wina ankapatuka, monga zimayenera. Tsopano chotilekanitsa chinali katani yokha. Tsiku lina Asiyatu atapita kukanditengera mankhwala, m'mimba munandivuta. Ndinayesa kudzikoka ndekha, ndinagwera pakhomo, ndipo amene anandidzutsa, nsalu itaonongeka, anali Che Jafali. Nkhope analozetsa kukhoma, akungoti pepani amayi, pepani amayi, ngati wolakwa ndi iye. Ndi munthu wabwino mwana ameneyu. Koma ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Che Mussa ankabwera pa matola kudzandiona. Ankakhala pakhonde, chakudya ankakana, ndipo dzuwa likapendeka ankabwerera, pakuti bambo wamkulu sagona m'nyumba ya mkamwini wake. Ulendo wina anakumana pakhondepo ndi Che Bwanali, ndipo mlongo wanga ananena zimene mbumba inagwirizana. Anati popeza sindingathe kudzisamala, ndizikhala kwa Asiyatu mpaka kalekale, kufupi ndi chipatala, ndipo nyumba ya ku Nkope alowemo mwana wa mchemwali wathu. Kwa amuna anga anati, "Alamu, mwatopa nafe, mukapume kwanu kutsidya." Che Mussa anangoti ndamva. Kutsidyako makolo awo ndi abale awo onse anatha kalekale, kunatsala adzukulu osawadziwa n'komwe. Ndi lilime langa lolemeralo ndinafunsa kuti nanga nditayenda? Che Bwanali anati ndikadzatha kuchoka pakhomo kufika kuchimbudzi ndekha, popanda wondigwira, ndidzabwerera kunyumba kwanga, ndipo alamu akewo adzakhala. Ananena ngati mmene umalonjezera mwana kuti aleke kulira. Koma ine ndinawagwira mawu amenewo.

Foni inabwera mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. Malowo ndi nyumba zazitali zapansi, makonde ake osalala opanda masitepe, ndipo kulikonse kumene ungayang'ane kuli munthu pa chikuku kapena wogwira ndodo. Kunali achinyamata ogwa pa njinga zamoto, abambo othyoka msana, ndi ife a sitiroko. Wodwala aliyense ankakhala ndi womudikirira wake, amene amati gadiyani. Wanga anali Asiyatu, ndipo ankagona pansi pambali pa bedi langa. M'mawa kunali kusamba, kuyezedwa BP, kumwa mankhwala ndi phala, kenako zikuku zonse n'kundanda pakhonde kudikira kulowa m'chipinda cha mafizo. Kudikirako kunali kwakutali, pakuti odwala anali ambiri, ophunzitsa ochepa. Tinkangokhala n'kumayang'ana mvula ikutsika padenga, wina akuwodzera, wina akung'ung'udza nyimbo yakwawo.

Amene anapatsidwa ine anali Mayi Tembo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, wochokera ku Dedza, wamfupi, wa manja olimba ngati wopalasa bwato. Tsiku loyamba anandigoneka pa matiresi apansi n'kundiuza kuti nditembenuke. Asiyatu anagwada msanga kuti anditembenuze. Mayi Tembo anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Achemwali, manja kumbuyo. Agogowa mwawakonda mokwanira, tsopano asiyeni avutike." Asiyatu anatuluka panja kukalira. Ine mumtima ndinamunena mtsikana wopanda mwambo ameneyu, woonerera nkhalamba ikuphupha ngati kampango pamtunda, koma ndinatembenuka, thukuta lili kamukamu. Pambuyo pake anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti chiwalo chikakhala osagwira ntchito chimauma, ndipo mutu umachiiwala. Anati miyezi ija ndinagona ndikuchitiridwa chilichonse inandiwononga pafupifupi mofanana ndi matendawo. Mawu amenewa anamulasa Asiyatu kuposa ine. Iye anasiya zake zonse poyesa akundipulumutsa.

Zinkapita motsatana. Kutembenuka, kukhala tsonga, kuchoka pabedi kupita pa chikuku, kenako kuimirira pakati pa zitsulo ziwiri zoyalidwa ngati njanji, kutsogolo kuli galasi lalikulu. M'galasimo ndinaona nkhalamba yopendekeka ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe, ndipo panatenga kanthawi kuti ndivomere kuti ndine. Phazi analiwongola tsiku ndi tsiku, ululu wake wotulutsa misozi, ndipo anandipangira chothandizira cha pulasitiki chovala m'nsapato kuti lisamakokere pansi. Masana kunali kupuma, madzulo kubwerezanso ndi gadiyani zimene taphunzira. Loweruka ndi Lamulungu kunalibe mafizo, ndipo masiku amenewo anali otalika kuposa onse.

Dzanja ankaliwongola n'kundipatsa zitsekerero za mabotolo kuti ndizitola. Zala zinatseguka pang'ono, kufika poti ndikhoza kupanikiza nazo chinthu patebulo, koma kutola ayi. Ndinayenera kuphunzira kudya ndi dzanja lamanzere, ndipo zimenezi zinandivuta mumtima kuposa m'thupi, pakuti inu mukudziwa ntchito ya dzanja limeneli kwa ife. A shehe amene ankabwera kudzaona odwala Lachisanu anandiuza kuti Mulungu samusenzetsa munthu chimene sangathe, ndidye ndi dzanja limene latsala, ndipo swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, ndizichita nditakhala pampando. Pamenepo mtima unakhala pansi.

Bedi loyandikana ndi langa linali la Mayi Edina a ku Malindi, a mpingo wa Angilikani. Matenda athu anali amodzi, mbali yakenso yomweyo. Iwo anagwa mu Okutobala, ndipo amuna awo, mphunzitsi wopuma, anawakweza galimoto nthawi yomweyo osafunsa munthu. Anali mayi wanthabwala. Ankati, "Abiti Saidi, tonse tatsala ndi miyendo yakumanzere, ngakhale atatisoka pamodzi tizingozungulira malo amodzi." Ankatinso ine ndizipempha Lachisanu, iwo Lamulungu, pasakhale tsiku lopemphera lopita pachabe. Tinkaseka mpaka anamwino kutisuzumira. Koma m'mawa ndikaona Mayi Edina akumanga duku ndi manja awiri, ndinkatembenukira kukhoma. Sinali nsanje. Ndinkaona pamene ndikanakhala ine galimoto ija ikanapanda kubwezedwa. Ndikadadziwa ndikadaphika therere, anatero akale. Iwo anatuluka Khirisimasi isanafike, akuyenda ndi kandodo kokha.

Pofika mu Januwale ndinkayenda khonde lonse ndi choyendera chachitsulo cha miyendo inayi. Ndinauza Asiyatu kuti aimbe foni kumudzi. Che Bwanali ndi Che Mussa anabwera basi imodzi, ndipo ndinamva kuti aliyense anakhala mpando wakewake. Ndinavala bwino, ndinaimirira ndekha, ndinayenda mpaka kumapeto kwa khonde n'kubwerera. Amuna anga ankangomwetulira, kofiya ili m'manja. Mlongo wanga sankayang'ana ine, ankayang'ana pansi. Anagogoda pansipo ndi nsapato n'kunena kuti, "Achemwali, mwayesetsa. Koma apa ndi pa simenti. Ku Nkope chitsulo ichi chikazama ngati nangula." Sananame. Ine ndinali nditaiwala pakhomo panga pomwe. Kwathu mchenga umayambira pachitseko, ndipo ngakhale njinga amachita kukankha.

Mayi Tembo anali chapafupi ndipo anamva. Anafunsa kuti abambo a pakhomopo ndi ati. Che Bwanali anayamba kuyankha, koma mtsikanayo anati akufuna amene amagona m'nyumbamo. Anakhala pa benchi ndi Che Mussa n'kuyamba kuwafunsa kutalika kwake kuchokera pachitseko kufika kuchimbudzi, ngati njira ili yotsetsereka, kukwera kwa chiwundo cha pakhomo, kukula kwa chitseko cha chimbudzi, ndi pamene pamakhala madzi osamba. Amuna anga ankayankha akujambula pansi ndi chala. Chigwereni ine, aka kanali koyamba kuti munthu awafunse kanthu. Mayi Tembo anavomera kuti zimenezi ankayenera kuzifunsa kale, ndipo anakapempha adokotala kuti ndisatuluke msanga.

Kuseri kwa wodi kunali mulu wa mchenga wa amisiri amene ankakonza khitchini. Mayi Tembo anawapempha kuti ayale wina pansi ngati kanjira, n'kuzika mtengo pambali pake. Anandilanda chitsulo chija n'kundipatsa ndodo wamba, kunsi kwake atamangirirako chidutswa chachikulu cha tayala kuti isamazame. Tsiku loyamba ndinagwa ndisanapite kulikonse. Iye sanandidzutse. Anakhala pansi pambali panga n'kunena kuti, "Kugwa muzidzagwa ndithu, agogo. Chimene ndikufuna n'chakuti mudziwe kudzuka." Anandiphunzitsa kutembenukira mbali yabwino, kugwada, kugwira mtengo, n'kudzikankha ndi mwendo wamphamvu. Anandiphunzitsanso kukweza bondo ngati munthu wowoloka madzi, phazi lisamalime mumchenga. Mchenga wonyowa ndi wosavuta, wovuta ndi wouma, ndiye mvula ikamabwera Asiyatu ankathamanga kukauphimba ndi pepala la pulasitiki. Amisiri aja ankandiseka kuti agogo mwatisefera mchenga, tikulembani ntchito. Ine ndinkawayankha kuti ayambe amaliza khitchini, tatopa kudya utsi.

Tinaphunziranso kukhala ndi kudzuka pa kampando kakafupi, kusamba nditakhala, ndi kuvala ndi dzanja limodzi. Kumanga chitenje kunandikanika mpaka mapeto. Asiyatu anandisokera masiketi a lasitiki, ndipo ndinavala koyamba ndikuchita manyazi ngati ndabwereka za mdzukulu.

Nthawi yonseyi Che Mussa anali pantchito kumudzi. Anakagula mitengo ya bulugamu n'kuizika kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi, n'kukhomera ina yopingasa yogwirira. Anaika mbali zonse ziwiri za njira, chifukwa dzanja logwira ndi limodzi, popita lili uku, pobwera lili uko. Anaimbira Asiyatu kuti andiyeze ndi chingwe kuchokera pansi kufika m'chiuno, ndipo chingwecho chinapita kumudzi ndi kondakitala wa basi. M'chimbudzi anamanga pokhalira pa njerwa, n'kulendeweretsa chingwe cha ukonde wakale chodzukira. Abale anga ena ankaseka kuti mkamwini akumanga khola la mbuzi imene siikubwera. Che Bwanali sanawaletse kumanga, komanso sanawathandize.

Ananditulutsa mu Malichi. Adokotala anati mankhwala a BP ndi a moyo wanga wonse, ndisadumphitse ngakhale nditamva bwino chotani, ndiziyezetsa mwezi ndi mwezi, mchere ndichepetse. Mayi Tembo anatiperekeza mpaka pageti. Kwa ine sananene zambiri. Kwa Asiyatu anati nkhondo yaikulu akaipeza kumudzi, kwa anthu ondikonda.

Ndi mmene zinakhaliradi. Galimoto itangoima kuseri kwa nyumba, amayi anathamanga ndi chitenje kuti andinyamule monga anandinyamulira poyamba. Asiyatu anaima kutsogolo kwanga n'kuuza amayiwo kuti manja kumbuyo. Ena anakwiya, ndinamva wina akuti ku Blantyre kwamuphunzitsa mwano. Ndinayenda ndi ndodo mpaka pakhonde n'kukhala. Bwalo linali litadzaza, Che Bwanali ali pampando pamthunzi. Anthu anandilonjera, anafunsa za ulendo, anakamba za mvula ndi za nsomba zimene zasowa. Palibe anatchula nkhani ija, koma aliyense ankadziwa chimene akudikira. Nditamwa madzi ndinadzuka, ndinasiya ndodo, n'kugwira mtengo woyamba.

Mchenga wakwathu ndi wakuya kuposa wa amisiri aja, ndipo tsiku limenelo unali wotentha. Ndinapita bwino mpaka chapakati, pamenepo phazi linakodwa, ndinagwa chogwada kenako chammbali. Ndinamva nsalu zikuphupha, amayi akudzuka onse pamodzi. Ndiye ndinamva mawu a Che Mussa, amene pa zaka zonse zimene akhala pamudzi uno sanakwezepo mawu pamaso pa abale anga. Anati, "Asiyeni." Anangonena kamodzi, ndipo onse anaima. Ndinatembenukira mbali yabwino, ndinagwada, ndinagwira mtengo, ndinadzuka. Ndinafika, ndinalowa, n'kutseka chitseko. M'katimo ndinakhalitsa kuposa mmene zinkafunikira, pakuti misozi inali itayamba ndipo sindinafune kutuluka nayo.

Pobwerera panalibe woimba nthungululu. Nanga munthu wochokera kuchimbudzi ungamuimbire bwanji? Aliyense anapeza kwina koyang'ana. Nditakhalanso pakhonde, Che Bwanali anadzuka, anapita pa mtengo umodzi n'kuugwedeza kuti aone kulimba kwake, anagwedezanso wina, kenako anati, "Alamu, mitengoyi mwazika bwino." Za kutsidya sizinatchulidwenso.

Tsopano ndikuuzeni kumene aliyense anathera. Mayi Edina ali bwino ku Malindi, akulima ndipo anabwerera kukwaya. Amanditumizira moni kudzera kwa ogula nsomba, nthawi zonse akufunsa ngati ndikadali kupemphera Lachisanu. Mayi Tembo sindinawaonenso, ndinangomva kuti anapita kukawonjezera maphunziro. Asiyatu anabwerera kubanja lake, anapeza malonda ake a zitenje atafa, ndipo anayambiranso pansi. Mpaka lero amadziimba mlandu wa miyezi ija, ngakhale ndimamuuza kuti anachita zimene ndinamuphunzitsa ine. Che Jafali ndi ine tinabwerera ku ulemu wathu wakale, timalonjerana patali, ndipo za tsiku lija palibe amazitchula.

Che Bwanali anabwerera ku Joni mvula itatha, ndipo chaka chotsatira anabwera ali m'bokosi. Akuti anadwala masiku ochepa. Ine ndi iye sitinakambepo za mwezi wa Meyi uja. Ndinkati akadzabweranso ndidzamuuza kuti ndilibe naye chifukwa, koma mpata umenewo sunapezeke, ndipo chimenechi chimandiwawa kuposa mwendo.

Ine ndilipo monga mukundionamu. Ndimayenda ndi ndodo mpaka kunyumba zoyandikana, ndimasamba ndekha, ndimasesa pakhonde nditakhala. Mwezi uliwonse ndimakwera njinga ya kabaza kupita kukayezetsa, ndipo mankhwala sindidumphitsa, mwezi wa Ramadani ndimamwa pa daku, chakudya cha mbandakucha, monga anandilangizira kuchipatala. Kugwa ndagwapo kangapo, ndipo ndadzuka. Thandala langa ndinapatsa mwana wa mchemwali wanga. Dzanja ili limangokhala pamwendo. Adzukulu amene abadwa chidwalireni sindinawaberekepo kumbuyo, amangondiikira pamiyendo kwa kanthawi n'kuwatenganso.

Mwambo wathu sindikuunyoza. Unandilera, ndipo ndi womwewo unachititsa kuti ndisagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi pamene ndinali gone. Koma matenda awa sadikira kuti mwini mbumba atsike basi. Mutu ukamakuwawani kawirikawiri, kayezetseni, kaya ndinu wonenepa kaya wowonda. Mukaona munthu pakamwa papotoka, dzanja lagwa, mawu asokonekera, amene ali pafupi ndiye anyamule, kaya ndi mkamwini, kaya ndi mwana. A kutali muwaimbire muli kale m'galimoto. Ndipo wodwala akayamba kuyesa kudzithandiza, musamulande kapu.

Che Mussa akadali pakhomo pano. Maso afooka, maukonde anasiya kusoka, ndipo anyamata amawaseka akawapeza akutumbula nsomba za ndiwo kapena akundimanga duku. Mpaka lero sanatsegulepo pakamwa kunena kuti paja ndinanena ine. M'mawa uliwonse tikatha swala amatenga dzanja langali n'kumawongola zala chimodzichimodzi monga Asiyatu anawaonetsera, ngakhale tonse awiri tikudziwa kuti sizidzagwiranso ntchito.